Anasiya Kugona, Ife Tinati N'chimwemwe

Mng'ono wanga anachira Lachiwiri mbandakucha, mwana wamwamuna wolemera makilogalamu atatu ndi kanthu. Ndine ndinamudikirira kuchipatala ndi kumuchapira zitenje, ndipo mawa lake anamwino atati zonse zili bwino, ndine ndinanyamula khandalo pobwerera kumudzi. Unali mwezi wa Januwale, nthawi imene tiyi amaphukira mothamanga kuno ku Mulanje, aliyense wa mphamvu zake ali kumunda ndi dengu kumsana. Alamu anga anali ku Joni, akumanga nyumba za eni ake kuti adzamange yawo. Dzina la mng'ono wangayo sindilitchula, ngakhale la mudzi wathu, chifukwa iye ali moyo ndipo zala zomuloza zamukwana.

Masiku awiri oyamba m'chikuta anali ngati a mayi wina aliyense. Ankadandaula m'mimba, ankadya phala la mgaiwa, mwana akuyamwa bwino. Tsiku lachitatu anasiya kugona. Sikuti mwana ankalira ayi, mwanayo ankagona tulo take. Iye ankakhala tsonga pamphasa, tochi ya foni ili kukamwa, akupinda matewera, kuwafunyulula, kuwapindanso. Pakati pa usiku ankayamba nyimbo za kwaya. Usiku wina ndinadzidzimuka ndi phokoso la tsache, kutuluka ndinamupeza akusesa pabwalo mumdima, munthu amene mchombo wa mwana wake unali usanagwe. Nditawauza amayi, anaseka nati, "Musiye, n'chimwemwe cha mwana woyamba. Inenso pa iwe ndinkangokuyang'ana usiku wonse."

Tsiku lachisanu ndikumusambitsa mwana m'beseni, anandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Achemwali, mwawaona maso akewo? Si wanga uyu. Anandisinthira kuchipatala kuja." Thupi langa linachita tsemwe. Koma pasanathe ola anali akumuyamwitsa, akumuseka, akufunsa ngati alamu atumiza ndalama ya sopo. Kumeneko n'kumene tinapusitsikira. Tikati tida nkhawa, iye ankabwerera mwakale, ife mtima pansi. Mawa lake anakana phala ati apongozi ake athiramo mankhwala, ndipo anatiuza kuti tizimitse wailesi chifukwa ikunena za iye.

Amalume, monga mwini mbumba, anati apa pali dzanja la munthu, tipite kwa sing'anga. Amayi anati ayi, tiyitane mneneri. Ndalama imene alamu anatumiza pafoni inathera ku mapemphero a usiku wonse, ng'oma zikulira, anthu akufuula m'makutu a munthu amene anali atatha masiku anayi osaona tulo. Mneneriyo anati ndi ziwanda zotumidwa ndi wachibale wanjiru. Pano ndiyenera kunena mlandu wanga. Ine ndinafika Fomu 4, njira ya kuchipatala ndinkaidziwa, ndipo ya kabaza ndinali nayo pachitenje. Chinandigwira miyendo ndi liwu limodzi lakuti misala. Ndinaopa kuti tikangomutengera kumeneko, mudzi wonse uti kwa aujeni ndi mtundu wa amisala, ndiye ana anga aakazi awiri adzasowe owafunsira. Ndinasankha ziwanda chifukwa ziwanda zimachokera kwa adani, sizinyozetsa mbumba.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kunacha bwino, iye akuoneka wodekha kuposa masiku onse. Ndinali nditajomba kuntchito sabata yathunthu, ndiye ndinatenga dengu n'kupita. Amayi anatsala naye, koma madzi anatha mumtsuko ndipo anathamangira kumjigo. Akuti sanathe ndi theka la ola lomwe. Pobwera anapeza mphasa yokha. Mng'ono wanga anakamupeza pamtsinje wa kumunsi kwa mudzi, umene unali utadzaza ndi mvula ya kuphiri, atanyowa mpaka pachifuwa, akuimba, m'manja mulibe kanthu. Atamufunsa, anayankha mosatekeseka kuti, "Ndamubisa kuti asamutenge." Mwanayo anyamata anamupeza madzulo, ndipo za pamenepo sindikamba.

Ndikufika kuchokera kumunda ndinapeza bwalo lathu ladzaza. Amayi amene tinkaimba nawo kwaya anali ndi miyala m'manja. Ena ankati mfiti, ena ankati wakhwimira kuti mwamuna wake alemere ku Joni. Amfumu ndi anyamata a chitetezo cha m'mudzi ndiwo anaima pakhomo mpaka galimoto ya apolisi inafika. Iye pokwera anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndaanula matewera.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira malamulo mokakamizidwa. Poyamba anamulembera mlandu wopha munthu mwadala, umene uli pa gawo 209 la Penal Code. Mlandu wotere majisitireti wa paboma saugamula, umayenera kupita ku khoti lalikulu, ndipo munthu amadikira pa rimandi. Kale chilango chake chinali chimodzi chokha, kunyongedwa, mpaka mu 2007 pamene khoti lalikulu pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake linagamula kuti woweruza asamakakamizidwe kupereka imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa, koma aziyamba wamva za moyo wa munthuyo ndi mmene zinachitikira. Loya wa boma wothandiza osauka ndiye anandiuza kuti m'buku lomwelo muli gawo 230, la mlandu wotchedwa infanticide. Limanena za mayi amene wapha mwana wake wosakwana miyezi 12 pamene mutu wake unali utasokonezeka chifukwa chosachira bwinobwino ku uchembere kapena chifukwa cha kuyamwitsa. Mayi wotere lamulo limamutenga ngati wapha munthu mosafuna. Lamuloli tinatengera kwa Angelezi, amene analikhazikitsa mu 1922 n'kulikonzanso mu 1938, ataona kuti makhoti awo akugamula amayi otere kuti anyongedwe pomwe aliyense akudziwa kuti chilangocho chisinthidwa. Palinso gawo 12, limene limati munthu sayankha mlandu ngati pa nthawi imene ankachita chinthucho matenda a mutu anamulepheretsa kuzindikira chimene akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita.

Ndinadabwa kuti buku la malamulo lolembedwa nthawi ya atsamunda linkadziwa chinthu chimene ife, amayi obereka anayi asanu, tinkakana kuchidziwa pakhomo pathu.

Khoti linalamula kuti akamuyeze ku Zomba Mental Hospital. Ine ndi amayi tinapita kukamuona, ndipo dokotala anatikhazika pansi n'kutifunsa mafunso amene palibe anali atatifunsapo. Anasiya liti kugona? Ankalankhula kwambiri kuposa kale? Ankamva mawu a anthu osaoneka? Anatentha thupi, kapena kukomoka? Kenaka anafunsa ngati m'banja mwathu wina anadwalapo chonchi atabereka. Ine ndinati ayi. Amayi anawerama, n'kunena chapansipansi kuti mng'ono wawo, mayi athu aang'ono amene anamwalira ndili mwana, anabalalika atachira mwana wachiwiri, ndipo anamumanga ndi chingwe m'nyumba mwezi wathunthu mpaka zinatha zokha. Zaka zonsezi nkhaniyi inali pansi pa mphasa.

Matendawa a chipatala amawatcha postpartum psychosis. Amagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa amayi 1,000 alionse amene abereka, ndipo kawirikawiri amayamba m'masabata awiri oyamba, nthawi yeniyeni ya chikuta. Amabwera mwadzidzidzi, amakonda mimba yoyamba, amayenda m'magazi, ndipo amene anadwalapo amatha kudwalanso pa uchembere wotsatira. Wodwalayo amasinthasintha, m'mawa ali bwino, masana wasokonezeka, monga tinaonera ife. Ambiri mwa amayi odwala chonchi savulaza ana awo, ndipo amachira akalandira mankhwala ndi kugona. Koma kuchipatala amawatenga ngati ngozi yofuna changu, mofanana ndi kutaya magazi, chifukwa mayi amene akukhulupirira kuti mwana wake asinthidwa kapena akusakidwa amatha kuchita choopsa akuyesa kuti akumupulumutsa. Dokotalayo anawonjezera kuti malungo a mu ubongo, matenda olowa m'magazi pambuyo pobereka ndiponso kuthamanga kwa magazi zimathanso kusokoneza mutu wa mayi, ndiye n'chifukwa chake woyamba kumuona ayenera kukhala wachipatala.

Ndinadzamvanso kuti pali nthenda ina yofala kwambiri, imene kuno timangoti kuganiza kwambiri. Kwa anzathu a ku Thyolo, dokotala wa matenda a maganizo Robert Stewart ndi anzake anafunsa amayi pafupifupi 500 obwera ndi ana kusikelo, ndipo zimene anasindikiza mu 2010 zinaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse anali ndi nthenda yaikulu ya kukhumudwa. Thyolo ndi Mulanje n'chimodzimodzi, tiyi yemweyo, amuna opita ku Joni omwewo. Ndikaima pamzere wa kusikelo masiku ano ndimawerenga mitu ya amayi, n'kumadzifunsa kuti ndi uti. Mwana timamukweza pasikelo, timamulembera kulemera kwake m'buku mwezi ndi mwezi, koma amene wamubereka kumsana sitimufunsa ngati akugona.

Patapita masabata angapo akumwa mankhwala, mutu wake unabwerera. Ndinapita ndi nthochi ndi mbatata yophika. Anandilandira bwino, anafunsa za amayi, kenaka anayang'ana kumsana kwanga n'kufunsa kuti, "Achemwali, mwana mwamusiya ndi ndani?" Namwino amene anali pafupi anandigwira phewa. Tinamuuza tsiku lomwelo, dokotala ali pomwepo. Kulira kumene analira sindinakumvepo pa maliro alionse. Amene amafuna kuti alangidwe ndimalakalaka akanakhala m'chipinda muja.

Ndipo ofuna kuti alangidwe analipo ambiri. Alamu atabwera kuchokera ku Joni sanafike pakhomo pathu. Anatuma amalume awo kudzanena kuti ukwati watha, ndipo apongozi a mng'ono wanga ankauza aliyense pamsika kuti ngati boma limutulutsa ndiye kuti kulibe chilungamo. Sindiwada. Iwo anataya mdzukulu, alamu anataya mwana amene anangomuona pa chithunzi cha pa WhatsApp. Mawu awo ena ndi olemera ndipo ndawasinkhasinkha usiku wambiri. Amati mwana uja anali munthu, sanalakwire aliyense, ndipo ngati imfa yake ilibe woiyankha ndiye kuti moyo wa khanda ndi wotchipa kuposa wa mbuzi, poti wakuba mbuzi amamangidwa. Amatinso mukatsegula khomo limeneli, mtsikana aliyense wotaya mwana m'chimbudzi azidzati mutu unasokonezeka.

Pa mfundo yachiwiriyi ndimavomera kuti si mayi aliyense wopha khanda amene amadwala. Timamva pa wailesi za atsikana amene abisa mimba miyezi isanu ndi inayi chifukwa mwamuna wawakana, kapena akuopa makolo ndi sukulu, ndipo amachita zimenezi akudziwa. Nkhani yawo ndi ina, ngakhale nayonso ili ndi anthu ena amene amathawa mlandu, makamaka mwini mimba amene apolisi samufunsa kanthu. Koma kusiyanitsa awiriwa ndiyo ntchito imene khoti limatumizira munthu ku Zomba. Madokotala amakhala naye masabata, amamuona usana ndi usiku, amafunsa achibale payekhapayekha. Munthu anganamizire misala kwa ola limodzi pamaso pa wapolisi, koma sanganamizire masiku asanu ndi limodzi osagona amene mudzi wonse unawaona mwana ali moyo.

Pa mfundo yoyamba ndimafunsa kuti chilango ntchito yake n'chiyani. Timamanga wakuba kuti asabenso ndiponso kuti ena aope. Nanga mayi amene akumva wailesi ikumunena, amene akuona anthu obwera kudzatenga mwana wake, angaope zaka za kundende zimene mayi wina analandira? Mng'ono wanga popita kumtsinje sankathawa lamulo, ankathamangira kukabisa mwana wake. Ndende ikanamusunga zaka khumi sikanaphunzitsa mayi wodwala ngakhale mmodzi, koma ikanaphunzitsa mabanja ngati lathu kubisa kwambiri. Ndipo ngati imfa ya mwana uja ifuna woiyankha, mutu wabwino pakhomo paja unali wanga, wa amayi, wa amalume ndi wa mneneri amene analandira ndalama. Tonsefe tinamva mawu akuti "si wanga uyu" masiku anayi zisanachitike. Palibe gawo la Penal Code limene linatifunsa ife.

Si ife tokha amene tinasiya munthu wotere yekha. Ndinadzawerenga za Andrea Yates wa ku Houston, m'dziko la America, namwino amene pa 20 Juni 2001 anamiza ana ake asanu, wamkulu wa zaka 7, wamng'ono wa miyezi 6. Anali atagonekedwapo m'chipatala cha matenda a maganizo, ndipo dokotala anachenjezapo kuti akaberekanso matendawo adzabwerera. M'mawa umenewo mwamuna wake anapita kuntchito, apongozi ake amayembekezeka kufika patatha ola limodzi. Ola limenelo ndi ulendo wa amayi anga wa kumjigo. Ku Texas, kumene kuli Houston, kulibe lamulo ngati gawo 230 lathu, ndiye mu 2002 anamupeza wolakwa n'kumupatsa moyo wonse kundende. Chigamulocho chinathetsedwa mu 2005 zitadziwika kuti dokotala wochitira umboni boma ananena zinthu zosaona, ndipo mu 2006 khoti linati alibe mlandu chifukwa cha misala, n'kumutumiza kuchipatala. Nkhani yake inandionetsa pamene lamulo lathu limaperewera. Gawo 230 limangoteteza mayi pa mwana wosakwana chaka. Mng'ono wanga akanakhala ndi mwana wa zaka zitatu n'kupita naye limodzi kumtsinje, matenda omwewo, mphindi yomweyo, pa wamkuluyo akanayankha mlandu wopha mwadala, pokhapokha loya atakwanitsa kutsimikiza gawo 12. Komanso gawo 230 silimuyeretsa munthu. Amatuluka ndi dzina la wolakwa, ndipo chilango cha kupha mosafuna chimatha kufika moyo wonse ngati woweruza wafuna. Ine ndimaona kuti mayi amene madokotala atsimikiza kuti anali ndi matendawa malo ake ndi pabedi la chipatala kuyambira tsiku loyamba, ndipo asamagone ndi usiku umodzi womwe m'chitokosi, mawere akutuluka mkaka, popanda mankhwala.

Mng'ono wanga anagonamo. Atatuluka ku Zomba anabwerera pa rimandi, ndipo tinadikira nthawi yaitali, fayilo ikuti ili uku, mawa ili uko. Potsiriza mlandu unatsitsidwa kukhala wa gawo 230, iye anavomera, ndipo woweruza atawerenga lipoti la dokotala anati nthawi imene wakhala kale m'ndende yakwana, apite kwawo azikalandira mankhwala. Kunja kwa khoti achibale a alamu anatitembenukira msana. Mng'ono wanga anawagwadira pafumbi, iwo anadutsa.

Kumudzi anthu sanamuponyenso miyala, koma amayi akamuona akubwera kumjigo ankasunthira ana awo kutsogolo. Chaka choyamba sankatuluka. Amene anayamba kumuchezera ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, mayi wa njinga yakapalasa, amene ankabwera kudzaona ngati wakatenga mankhwala kuboma mwezi umenewo. Ndi iyeyo amene anandipempha kuti ndikalankhule kwa amayi oyembekezera tsiku la sikelo. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinapita. Ndimawauza zochepa. Kulira ndi kukwiyakwiya kwa tsiku lachitatu kapena lachinayi n'kwa amayi ambiri ndipo kumatha kokha. Koma mayi akatha mausiku awiri osagona pomwe mwana akugona, akayamba kulankhula zosagwirizana, kukayikira chakudya, kumva mawu, kapena kunena kuti mwana si wake kapena wina akufuna kumutenga, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mpaka mukafike asatsale yekha ndi mwana ngakhale kwa nthawi yotunga chidebe chimodzi. Mukafika musangoti akudwala mutu, nenani mawu enieni amene iye wanena. Ofuna kupemphera apemphere ali m'njira. Ndikamaliza pamakhala gogo mmodzi kapena awiri amene amanditsatira kuseri n'kundiuza za mwana wawo, kapena za iwo eni zaka makumi atatu zapitazo.

Mng'ono wanga anadzakwatiwanso ndi bambo wina wofatsa wa kutsidya kwa Ruo, amene tinamuuza zonse asanabweretse ankhoswe. Atatenga pakati tinapita naye kuchipatala mimba ili ya miyezi itatu, ndipo mbiri yake yonse inalembedwa m'buku lake la kuchipatala, tsamba loyamba, kuti namwino aliyense aione. Anachira mwana wamkazi mwezi wathawu, ndipo mankhwala anayamba tsiku lomwelo monga adokotala anakonzera. Tagawana mausiku, ine Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, amayi ndi bambo a mwana masiku enawo. Mwana akalira pakati pa usiku ndimamunyamula ndine, ndimamupititsa kubere, akakhuta ndimamuchotsa kuti mayi ake agonenso. Pawindo pali kope la sukulu la mwana wanga, ndipo m'mawa uliwonse ndimalembamo maola amene wagona. Dzulo anagona asanu ndi limodzi. Podzuka anandipeza ndikulemba, n'kundiuza kuti, "Achemwali, muwonjezerepo theka, ndinagonanso inu mutapita kukasamba." Ndinawonjezera.